Lamba wa Gucci pa kutentha kwa ku Nchalo: ndalama zanu zikugula chiyani?

Wowerenga wina wa ku Nchalo wafunsa motere: "Ndikukwatira mu Okutobala. Mlamu wanga ali ku Joni ndipo akuti ndikamutumizira ndalama akhoza kundigulira lamba wa Gucci weniweni, koma mtengo wake ukudya malipiro anga a miyezi ingapo. Pa WhatsApp palinso mnyamata wina akugulitsa wooneka chimodzimodzi pa K60,000, akuti ndi orijino. Malamba amene ndimagula pamsika satha chaka, amakanganuka kenaka n'kuduka. Kodi ndikalimba mtima n'kugula wodulayo ndiye kuti ndathana nalo vutoli? Nanga wa K60,000 uja?"

Zikomo achimwene, ndipo ukwatiwo uyende bwino. Ine ntchito yanga ndi ya zikopa, kusoka nsapato, zikwama ndi malamba, ndipo zambiri zimene ndinene pano ndaphunzira pa malamba oduka amene anthu amabwera nawo kuti ndiwalumikize. Ngati chimene mukufuna ndi lamba woti asamakanganuke ndi kuduka, ndalamazo musatumize ku Joni kukagula dzina. Lamba wolimba alipo, ndipo amadula kuposa amene mwakhala mukutola pamsika, koma mtengo wake suyandikira n'komwe wa Gucci. Ndalama zapamwambazo zimapita kwina, osati ku chikopa.

Wa K60,000 uja tithane naye msanga. Ndi feki. Malamba a Gucci m'masitolo awo amagulitsidwa madola oposa 400, ndipo ngakhale titawerengera pa mtengo wa ku banki wa mu 2025 wa pafupifupi K1,750 pa dola, ndalamayo ikupitirira K700,000, pomwe inu ndi ine tikudziwa kuti dola yapamsewu ili patali kuposa pamenepo. Ku Malawi kuno kulibe sitolo ya Gucci kapena ya Louis Vuitton. Kuti muione muyenera kukafika kunja, monga ku Sandton City ku Johannesburg, ndipo a Louis Vuitton katundu wawo saoda kwa munthu aliyense, amagulitsa okha m'masitolo awo ndi pa intaneti pawo. Ndiye mnyamatayo watsopano wamupeza kuti, kuti akugulitseni pa mtengo wosakwana gawo limodzi mwa magawo 10? Akakuonetsani bokosi, kathumba ka nsalu ndi lisiti, musatengeke. Zimenezo zimasindikizidwa komwe kwachokera lambayo.

Tsopano tione chimene chikudula malamba anu, chifukwa mukachimvetsa simudzanamizidwanso ndi wogulitsa aliyense, wa pamsika kapena wa ku Sandton.

Chikopa cha ng'ombe yaikulu ndi chokhuthala kwambiri, moti ku fakitale amachilowetsa m'makina amene amachigawa chopingasa, gawo lapamwamba palokha, lapansi palokha. Mphamvu yonse ili ku gawo lapamwamba, kumene kunali ubweya, chifukwa kumeneko ulusi wa chikopa ndi wothinana ndi wolukanalukana. Gawo limeneli likasiyidwa mmene lilili, osapalidwa, amalitcha full grain, ndipo ndilo mukufuna. Ena amalipala ndi sanipepa kuti achotse zipsera n'kupaka utoto wokhuthala pamwamba. Chikadali chikopa chabwinoko, ngakhale chataya mbali ya mphamvu zake. Gawo lapansi lija ulusi wake ndi wotayana, limatamuka, ndipo pofuna kuti lioneke ngati lapamwamba amalimata pulasitiki n'kudindapo timizere. Pansi pa zonsezi pali chimene amachitcha bonded: zinyenyeswa za zikopa zosesedwa pansi m'fakitale, zogayidwa, zosakanizidwa ndi guluu n'kupsinjidwa kukhala chipepala. Kusiyana kwa chimenechi ndi gawo lapamwamba lija kuli ngati kwa thabwa la mbawa ndi bolodi ya utuchi imene imafufuma ikangogwidwa ndi madzi. Chidindo chakuti Genuine Leather chimene mumachiona kuseri kwa lamba sichikuuzani kuti ndi gawo liti, ndipo pa malamba ambiri a pamsika chimadindidwa ngakhale pamene mulibe chikopa n'komwe.

Tengani lamba wanu woduka uja mumuyang'ane podukapo. Ndikhulupirira waduka pa bowo limene mumamangirapo tsiku lililonse. Muona zigawo zitatu: pamwamba kachikungu kakuda kopyapyala koti mukhoza kukasenda ndi chala, pakati chinthu chotuwa chonyenyeka mukachitsina, pansi kansalu kapena pulasitiki ina. Zitatuzo chimazigwira ndi guluu basi, ndipo ulusi umene ukuoneka m'mphepete nthawi zambiri ndi wongokongoletsa.

Lamba wotere kwina kozizira akhoza kulimbako pang'ono. Kuno kuchigwa ayi. Mu Okutobala ndi Novembala ku Ngabu, ku Bangula ndi ku Nsanje kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo lamba amakhala pamalo pamene thukuta lonse lotsika kumsana limakathera. Pulasitiki imene amamata pamwamba ija, ya mtundu wa polyurethane, imaphwanyidwa ndi chinyezi, ndipo kutentha kumafulumizitsa kuphwanyikako. N'chifukwa chake mumaona lamba kapena nsapato zimene zangokhala m'sutikesi osavalidwa zikuyamba kunanda, kenaka n'kumayoyoka zokha. Onjezerani mchere wa m'thukuta, kupindika kwa pachiuno munthu akamapalasa njinga kapena atakhala pa kabaza, ndiye muona kuti chaka chimene akukhalitsa malamba anuwo n'chambiri kale.

Nanga wa Gucci weniweni uja? Ndisamunamizire, amaposa wa pamsika kutalitali. Kasokedwe kake n'kaudongo ndipo chikopa chake n'chenicheni. Koma ambiri mwa malamba a mayina amenewa ndi a m'ofesi ndi a pamaphwando. Amatenga zikopa ziwiri zopyapyala za thole, kuzimata ndi kuzisoka pamodzi, m'mphepete n'kupakamo utoto wobisa polumikizira. Utoto umenewu umang'aluka pamene lamba amapindika, ndipo thukuta likapeza polowera limayamba kugwira ntchito pa guluu ngati mmene limachitira ndi wotchipa uja, kungoti mochedwerapo. Chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti malamba otchuka kwambiri, a Louis Vuitton abulawuni okhala ndi zilembo za LV ndi timaluwa, ndi a Gucci okhala ndi zilembo za GG zobwerezabwereza pathupi ponse, kunja kwake si chikopa ayi. Ndi nsalu yokhuthala yokutidwa ndi pulasitiki, chikopa chili kuseri kokha. Ndi nsalu yolimba ndithu, koma ikang'ambika palibe mmisiri angaibwezeretse. Chitsulo chomangira chachikulu chonyezimira chija nachonso mtundu wagolidewo ndi wongokutira, ndipo chikamakhulana ndi tebulo kapena chiwongolero chimakandika.

Makampani amenewa anayamba ndi amisiri enieni. Thierry Hermès anatsegula shopu yake ku Paris mu 1837 akusoka zingwe zomangira akavalo, Louis Vuitton anayamba mu 1854 ndi mabokosi a paulendo, Guccio Gucci anayamba mu 1921 ku Florence ndi zikwama. Mwa atatuwa, Hermès ndi amene amisiri ambiri timavomereza kuti chikopa chake chikadali cha pamwamba zedi, koma mtengo wakenso umaposa anzakewo. Lero mayinawa ndi makampani akuluakulu amene amafalitsa mabuku awo a ndalama, ndipo mabukuwo amayankha funso lanu bwino kuposa ine. LVMH, kampani imene ili ndi Louis Vuitton, Dior ndi mayina ena ambiri, mu 2023 inagulitsa katundu wa mayuro 86 biliyoni. Kupanga katunduyo kunadya pafupifupi 27 biliyoni. Kutsatsa malonda ndi kuyendetsa masitolo kunadya zoposa 30 biliyoni. Ndiye kuti zimene anawononga pokuchititsani inu kufuna katunduyo zinaposa zimene anawononga pomupanga. Mu 2024 khothi la ku Milan likufufuza mafakitale ang'onoang'ono osokera Dior, zinadziwika kuti chikwama chogulitsidwa mayuro pafupifupi 2,600 fakitale yosoka inkalipidwa mayuro 53, kupatula mtengo wa chikopa. Lamba alibe ntchito yambiri kuposa chikwama.

Sindikunyoza munthu wofuna dzina. Ndalama ndi zake, ndipo kufuna kuoneka bwino pa tsiku lotere si tchimo. Koma taganizirani kumene mukavalire. Pitani pa depoti pa Nchalo kapena pa Dyeratu tsiku la msika, muwerenge anyamata amene ali ndi GG pamchombo. Onsewo ndi feki, ndipo aliyense amadziwa. Inu mukatulukira ndi weniweni wa K700,000, amene ati akuoneni angoti mwagula kwa mnyamata wa pa WhatsApp yemwe uja. Feki wachuluka mpaka wapha mtengo wa weniweni pamaso pa anthu. Pamwamba pa apo, mkwati amakhala atamanga jekete kuyambira ku tchalitchi mpaka pa perekaniperekani, lamba saoneka n'komwe. Zinthu zikadzavuta kuti mumugulitse, kuno palibe amene angakupatseni ngakhale theka, chifukwa palibe njira yomutsimikizira kuti ndi weniweni. Ndalama yomweyo ikanakhala mbuzi zingapo m'khola, wogula sakanasowa.

Mudzamvanso za malamba a chikopa cha ng'ona. Enieni alipo, ndipo zikopa zina zimene makampani a ku Ulaya amagula zimachokera ku mafamu a ng'ona a ku Kariba ku Zimbabwe, mtundu womwewu umene umatisowetsa mtendere m'mphepete mwa Shire. Koma pafupifupi onse amene mungawaone pamsika ndi chikopa cha ng'ombe kapena pulasitiki yodindidwa ndi makina. Yang'anani mamba ake: akamabwereza mofanana ndendende, ndi chidindo.

Lamba woti mugule ndi wa chikopa chimodzi chathunthu, chosamatiza, chokhuthala mamilimita 3 mpaka 4. Musayambe kuyang'ana kutsogolo konyezimira. Yang'anani m'mphepete ndi m'kati mwa mabowo. Chikopa chimodzi chimaoneka chofanana kuyambira pamwamba mpaka pansi, popanda mzere wolumikizira. Mphepete ikakhala yopakidwa utoto wokhuthala wonga labala, dzifunseni kuti akubisa chiyani. Tembenuzani kuseri: pakhale pokhakhala pang'ono, pa timaulusi ta chikopa, osati pa nsalu. Mupindeni mwamphamvu. Chikopa chenicheni chimachita timakwinya tating'ono tosafanana, mtundu n'kuyererako popindikapo, mukamusiya n'kubwerera. Chomata chija chimachita matuza kapena mzere umodzi wakuthwa umene suchokanso. Nunkhizani, fungo la pulasitiki ndi guluu silibisika. Kachipsera kapena kamzere kosiyana ndi anzake si chilema, ndi umboni woti ng'ombeyo inayendapo m'tchire ndipo palibe amene wapala pamwamba pake. Ena amayesa ndi machesi. Musachite zimenezo pa katundu wa mwini wake, komanso chikopa chenicheni chopakidwa utoto nachonso chimapserera, ndiye machesi sakuuzani zoona.

Kafufutidwe nakonso kali ndi mbali yake. Zikopa zambiri padziko lapansi zimafufutidwa ndi mankhwala a chromium, ntchito imene imatha pa tsiku limodzi kapena awiri, ndipo zimatuluka zofewa, zabwino pa nsapato ndi majekete. Mukaona podulira pali mtundu wotuwa wopita ku buluu, ndi chimenecho. Njira yakale ndi ya makungwa a mitengo, imene imatenga masabata kapena miyezi, ndipo ku Colyton ku England kuli fakitale imene imaviika zikopa m'madzi a makungwa a mtengo wa oak pafupifupi chaka chathunthu. Chikopa cha makungwa chimakhala chouma gwa poyamba, podulira pake pofiirira, koma sichitamuka msanga ndipo chimanka chikongola pamene chikukalamba. Pa lamba ine ndimasankha chimenechi. Mmisiri wodziwa ntchito amadulanso lamba kumsana kwa chikopa, motsata fupa la msana chakumbuyo, osati kumimba. Chakumimba n'chofewa, ndipo lamba wodulidwa kumeneko amapindika ngati uta pakangotha miyezi yochepa, ngakhale chikopacho chikhale full grain.

Chitsulo chomangira chikhale cha mkuwa weniweni kapena cha chitsulo chosachita dzimbiri. Zambiri za pamsika ndi za zinki wongokutira, ndipo kamunga kake kamathyoka. Maginito sangakuthandizeni kusiyanitsa chifukwa onse awiri sagwira. Kandani pang'ono kuseri kwake: mkuwa ndi wachikasu mpaka m'kati, zinki amaonetsa kutuwa. Pewani zitsulo zija zoluma lamba ndi mano, komanso zotembenuza kuti uku wakuda uku wabulawuni. Lamba wa mitundu iwiri ndi zikopa ziwiri zomata, ndipo kachitsulo kozungulirako ndi komwe kamayamba kufa.

Kopeza lamba wotere n'kumene kumadabwitsa anthu. Ine malamba abwino kwambiri amene ndawagwirapo m'manja kuno anachokera pa kaunjika, pamulu wa malamba osakanikirana umene anthu amaudutsa pothamangira onyezimira. Amakhala ooneka otopa, abulawuni, opanda dzina lodziwika, nthawi zina olembedwa kuseri dziko limene anapangidwa. Lamba amene wavalidwa zaka zambiri kwina, n'kupsinjidwa m'belo, n'kufika ku Limbe kapena ku Bangula asanakanganuke, wakhoza kale mayeso. Ongoyenera kuonetsetsa ndi mabowo, kuti sanang'ambike, ndi chikopa kuti sichinaume mpaka kuchita ming'alu yakuya. Kupukuta ndi polishi basi, akhala woyenera suti. Njira ina ndi kupita kwa amisiri a zikopa ku Blantyre kuti akudulireni, koma muone kaye chikopacho chisanadulidwe. Ndipo poti mlamu wanu ali ku Joni, mutumeni chinthu chanzeru. South Africa ili ndi mafakitale ofufuta zikopa ndi amisiri ambiri a malamba, ndipo makungwa a mtengo wa black wattle wolimidwa ku KwaZulu-Natal ndi ena mwa amene dziko lonse limafufutira zikopa. Muuzeni asake lamba wa full grain wa chikopa chimodzi, wakuda ngati nsapato zanu zili zakuda, m'lifupi mwake masentimita 3 mpaka 3.5 kuti alowe m'timalupu ta thalauzi la suti. Wa jinzi amakhala wa masentimita 4. Adzaona yekha kuti pa ndalama ya Gucci mmodzi angagule otere ambirimbiri.

Zimandiwawa kuti tikukamba zoitanitsa lamba kunja tili m'chigwa chimene ng'ombe zake zimadyetsa Blantyre. Zikopa zathu zambiri zimawonongeka zisanafike kulikonse: chidindo chamoto chimaikidwa pakati penipeni pamene pakanatuluka malamba abwino, nkhupakupa ndi minga zimasiya zipsera, wosenda amathamanga mpeni n'kumaboola, kenaka chikopa chimayanikidwa pansi padzuwa la kuno mpaka kupsa. Ndipo chenjerani ndi amene angakuuzeni kuti akupangirani lamba wa chikopa chongoumitsa ndi kupala. Chimenecho sichinafufutidwe. Pa ng'oma chimagwira ntchito, koma m'chiuno chikamwa thukuta chimafewa n'kuyamba kununkha, chikauma chimalimba n'kumakucheka.

Mukamupeza wabwinoyo, kumusamala sikovuta. Madzulo muzimuchotsa pa thalauzi n'kumupachika pa msomali chitsulo chili m'mwamba, kuti thukuta liume. Kumusiya m'malupu usiku wonse ndi kumene kumamupindika kumbuyo. Ngati mungathe, mukhale ndi awiri, wa kuntchito ndi wa kutchalitchi. Musamusiye padzuwa, m'galimoto yotseka kapena pafupi ndi malata. Kawiri kapena katatu pachaka mupakeni pang'ono dubbin, mafuta aja opaka nsapato za mpira, kapena polishi wopanda mtundu, kapena phula la njuchi lofewetsedwa. Oyilo wa injini ayi, ndipo mafuta ophikira amadzanunkha n'kuitana mphemvu ndi makoswe. Nyengo ya mvula akachita chuku, pukutani ndi kansalu konyowetsedwa m'madzi othira viniga pang'ono, muumitse pamphepo. Amene anadutsa m'madzi osefukira a 2015 kapena a Freddy mu 2023 akudziwa mmene nsapato zachikopa zinaumira gwa zitayanikidwa padzuwa kapena pamoto. Chikopa chikamizidwa, tsukani matope ndi madzi oyera, chiume pamthunzi pang'onopang'ono, ndipo mupake mafuta chikadali ndi kachinyezi.

Potumiza muyeso musatchule nambala ya thalauzi, imasiyana malinga ndi telala. Tengani lamba amene mukuvala pano, muyeze ndi tepi kuchokera pamene chikopa chapindikira pa chitsulo kufika pa bowo limene mumagwiritsa ntchito, muwauze masentimita amenewo. Pa lamba watsopano muyeso umenewo ugwere pa bowo lapakati mwa mabowo 5, amene amatalikirana pafupifupi masentimita 2.5, kuti mukhale ndi awiri onenepera ndi awiri oondera. Akabwera wamkulu, musaboole ndi msomali kapena lumo, chifukwa bowo losazungulira bwino ndi pamene kung'ambika kumayambira. Pitani naye kwa wosoka nsapato amene ali ndi panchi, kapena bwino koposa amumasule chitsulo, adule kumutuko n'kusokanso, kuti mchira ndi mabowo zitsale mmene anazipangira.